Mmene gulu la alimi lingafikitsire nkhani za mitengo, malonda ndi aganyu kuboma

Chaka chilichonse nyimbo ndi yomweyo kuno ku Mangochi. Unduna wa Zamalimidwe walengeza mitengo yogulira mbewu, pawailesi tamva tonse bwinobwino, koma venda wafika pa Namwera kapena pa Chilipa wapachika sikelo yake pamtengo wa mango nkumagula pamtengo wake wake, ife nkumangoti aaa boma ili, kenako nkugulitsa basi poti mwana akufunika fizi. Nde malangizo awa ndalembera makalabu, makopaletivu ndi aliyense amene ali mu komiti ya alimi ndipo akufuna nkhani ichoke pa bawo ikafike kwa munthu amene amasayinira zinthu. Sikuti mukatsata izi mtengo wa thonje ukwera mawa lomwe, ayi, koma mudzasiya kutaya ndalama ya thiransipoti kupita pakhomo lolakwika nthawi yolakwika.

Yambani ndi kusankha nkhani imodzi. Imodzi yokha. Mukaitanitsa msonkhano wa alimi aliyense amabwera ndi lake, wina feteleza, wina msewu wa ku Makanjira, wina ntchemberezandonda, wina ngongole ya banki mkhonde, wina anyani, ndipo zonsezo ndi zoona, koma mukazilemba zonse pa pepala limodzi bwana amene mwamupatsa amangoti tamva tiziona, ndipo sanakunamizeni chifukwa palibe chimene mwamupempha kuti achite. Nkhani yabwino imayankha mafunso atatu, ndani achite, achite chani, pofika liti. "Mavenda akutibera" si pempho limenelo. Koma "masikelo onse ogulira nandolo mu dera la alangizi a zaulimi (EPA) la Masuku ayesedwe msika usanatsegulidwe, ndipo wogula aliyense azionetsa layisensi yake kwa amfumu ndi alangizi asanayambe kugula", ili nde pempho, munthu akhoza kuvomera kapena kukana, ndipo akakana mumadziwa kuti wakana. Voterani pamsonkhano, nkhani zotsalazo alembi azisunge mu kope zidikire nthawi yake.

Mukasankha, fufuzani mwini wake wa nkhaniyo, apa ndi pamene magulu ambiri amasochera. Boma si munthu mmodzi. Mitengo yoyambira kugulira mbewu, ija yoti wogula asatsike pansi pake, ndi ziphaso zogulira mbewu ndi za Unduna wa Zamalimidwe. Kuletsa kapena kuloleza mbewu kutuluka ndi kulowa mdziko zimadutsa ku Unduna wa Zamalonda pansi pa lamulo la Control of Goods Act la 2018, lomwe linabwera pofuna kuti ziletso zisamangogwa mwadzidzidzi popanda zifukwa zomveka. Sikelo yonama ndi ya a Malawi Bureau of Standards. Ogula akamagwirizana kuseri kuti onse agule pamtengo umodzi wotsika, imeneyo ndi ya a Competition and Fair Trading Commission. Thonje lili ndi Cotton Council of Malawi, fodya ali ndi Tobacco Commission, misonkho ya pa boda ya Chiponde ndi ya bungwe lotolera misonkho la MRA, malo ogulitsira ndi ndalama za ziphaso za mumsika ndi za khonsolo, malipiro ndi mikangano ya antchito ndi ofesi ya zantchito pa boma pompano. Nde musakamukalipire mlangizi wanu chifukwa cha chiletso cha chimanga, iyeyo nayenso anangomva pawailesi ngati inu. Mlangizi mufunseni kuti akuthandizeni kudziwa khomo, amadziwa zambiri anthu amenewa ndipo ambiri amakondwa alimi akamafunsa zanzeru.

Tsopano umboni. Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pagona mphamvu yonse. Gulani kope la chikuto cholimba, osati timapepala, ndipo musankhe anthu awiri kapena atatu pa msika uliwonse, mmodzi akhale mayi chifukwa nandolo ndi mtedza ambiri amene amakagulitsa ndi azimayi ndipo ndi amene amadziwa zochitika pasikelo. Tsiku lililonse la msika alembe deti, malo, mbewu, mtengo pa kilo, wogula ali ndi layisensi kapena ayi, akugula ndi sikelo kapena ndowa, ndipo sikeloyo ili ndi chizindikiro choti inayesedwa kapena ayi. Chinanso chosavuta, tengani thumba limodzi mukaliyeze pa sikelo yodalirika, ya kopaletivu kaya ya ku ofesi ya zaulimi, lembani kulemera kwake, kenako thumba lomwelo mukaliyezetse kwa ogula atatu osiyana pali mboni. Tiyerekeze thumba la makilo 50 likuwerenga 46 kwa venda, nde kuti pa matumba 100 a kalabu yanu mwataya makilo 400, matumba 8 athunthu apita osaona. Bwana amene amayasamula mukamati akutibera amadzuka mukamuonetsa masamu otere. Jambulani ndi foni ngati nkotheka koma mosaputa ndewu, ndipo malisiti onse sungani, ngakhale kapepala kong'ambidwa pa katoni komwe wogula walembapo.

Lembaninso ndalama zimene mumalowetsa pa ekala, mbewu, mankhwala, kulima, kupalira, kukolola, matumba, ngolo kapena njinga yonyamulira. Izi nzofunika chifukwa mtengo woyambira umene unduna umalengeza amati amauwerengera kuchokera pa ndalama zimene mlimi walowetsa, nde ngati inu mulibe mawerengero anu mudzatsutsa ndi chani. Ndipo kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, mawerengero akale sagwiranso ntchito, muzilemba atsopano chaka ndi chaka. Ntchito ya inu eni ndi ana anu akuluakulu muziyiwerengeranso mtengo, alimi ambiri timaiwala zimenezi nkumaona ngati tapindula pomwe tangogwira ganyu yaulere mmunda mwathu momwe.

Kenako onetsetsani kuti ndinu gulu lodziwika. Anthu khumi akhoza kulembetsa kopaletivu pansi pa lamulo la makopaletivu la 1998, kaundula wake ali ku Unduna wa Zamalonda ndipo pa khonsolo pali ofesala wa zamalonda amene amathandiza za mafomu ndi maphunziro oyambira. Ngati simunafike pamenepo, khalani ndi malamulo a gulu olembedwa, mndandanda wa mamembala ndi midzi yawo, maminitsi a misonkhano, ndi chidindo cha amfumu. Funso loyamba limene mudzafunsidwe kulikonse ndi lakuti mukuyimira ndani, ndipo yankho lake likhale pa pepala. Zandale zisiyeni panja. Membala aliyense ali ndi chipani chake, palibe vuto, koma tsiku lokaonana ndi akuluakulu nsalu ya chipani isiyidwe kunyumba, mukangodziwika kuti ndinu a uje nkhani yanu yafera pomwepo, ndipo boma likasintha mudzayambiranso pa ziro.

Musanatuluke panja, khalani pansi mukambirane nkhani ya malonda mwachilungamo pakati panu, chifukwa simuli mbali imodzi nonse monga mmene mumaganizira. Tengani chiletso chotumiza chimanga kunja. Amene wakolola matumba ambiri kumtunda kwa Katuli kapena Namwera amafuna chiletso chichoke kuti mtengo ukwere. Koma membala mnzake wa kunyanja, kapena amene munda wake unakokoloka, pofika Januwale amakhala akugula chimanga cha pa ndowa, kwa iyeyo mtengo ukakwera ndi njala. Ambiri mwa ife timagulitsa mu Meyi nkudzagulanso mu Febuluwale, munthu yemweyo. Walira mvula walira matope, nde musanakapemphe kuti malire atsegulidwe dziwani kuti mukupempha chani. Ine maganizo anga ndi akuti pempho lanzeru pa chimanga si lakuti tsegulani kapena tsekani basi, koma lakuti boma lizinena poyera nthawi yabwino, tisanadzale, kuti chimanga chikachuluka kufika pakuti tidzaloleza kutumiza kunja, chikachepa kufika pakuti tidzatseka, ndipo ADMARC ipatsidwe ndalama zogulira nthawi yokolola osati mavenda atasesa kale midzi yonse. Zimenezi wogulitsa ndi wogula onse akhoza kusayinira.

Nandolo nkhani yake ndi ina, ndipo ikutiphunzitsa kuti mtengo wa pa Ntaja kapena pa Chiponde nthawi zina umapangidwira kutali kwambiri. Msika waukulu wa nandolo wathu ndi India. Mu 2017 dziko limenelo linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja chifukwa alimi awo anakolola wambiri, ndipo kuno mtengo unagwa mpaka anthu ena anangomusiya mmunda, amene analima chaka chimenecho akukumbuka. Mu 2021 Malawi ndi India anasayinirana mgwirizano woti tizitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Nde gulu la alimi a nandolo lili ndi mafunso enieni ofunsa, mgwirizano umenewu tsogolo lake ndi lotani, ziphaso zotumizira kunja amapatsidwa ndani, makopaletivu angalowemo bwanji okha osadzera mwa anthu apakati. Amenewa ndi mafunso a ku Unduna wa Zamalonda, ndipo kuli bungwe la Nandolo Farmers Association lomwe nkhani yake ndi yomweyi, musayambe nokha zinthu zimene anzanu anayamba kale.

Ndipo amene mukufuna kupempha kuti katundu wakunja aletsedwe kuti wanu agulidwe, kumbukirani za 2025. Malawi inaletsa zinthu zina zakunja monga ufa, mpunga ndi zipatso mu Malichi, Tanzania inabwezera mu Epulo nkutseka mbewu zathu, magalimoto anaima pa Songwe mpaka maboma awiriwa anachita kukhala pansi. Kuno tili pa malire ndi Mozambique, chimanga, nyemba ndi anthu zimadutsa uku ndi uku pa Chiponde ndi Mandimba tsiku ndi tsiku, chaka chanjala chimanga cha kutsidyako ndi chimene chimatipulumutsa. Dziwaninso kuti Mozambique siili mu COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kummawa ndi kumwera kwa Africa, nde njira yophweka ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA imene mumamva ku Mchinji musangoganiza kuti ndi chimodzimodzi kuno, kafunseni a MRA pa boda kuti mapepala ofunika ndi ati musanalembe dandaulo.

Tsopano za antchito, nkhani imene magulu a alimi amakonda kuizemba. Ife tomwe ndife olemba ganyu, ife tomwe ndife ogwira ganyu, zimangotengera mwezi. Anyamata ambiri a kuno ali ku Joni, ena anapita mpaka ku minda ya ku Israel kuyambira kumapeto kwa 2023, nde nthawi yopalira ndi yotola thonje manja amasowa ndipo mtengo wa ganyu umakwera. Mlimi amadandaula, waganyu nayenso amadandaula kuti ndime yakula ndalama yachepa. Mukapita kuboma osagwirizana pa izi, wina wa mu gulu lanu lomwe adzakutsutsani pamaso pa alendo.

Dziwani kaye zimene lamulo likunena. Malipiro otsikitsitsa a boma anachoka pa K50,000 pamwezi kufika K90,000 mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 mu 2025. Lamulo la zantchito la Employment Act la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 sayenera kugwira ntchito zoopsa monga kupopera mankhwala. Utenanti, uja woti banja lonse likhale pa esiteti chaka chonse likudya ngongole ya chimanga nkudzawerengerana fodya akagulitsidwa, unathetsedwa mu 2021 pamene lamulo lomweli linasinthidwa. Ndipo musaganize kuti izi nzongolankhula za mabungwe, mu November 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wochokera ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ana ndi ntchito yokakamiza, makampani anachita kudziyeretsa mmodzimmodzi kuti fodya wawo alowenso. Apa mukuona kuti nkhani ya antchito ndi nkhani ya msika ndi chingwe chimodzi, amene muli ndi minda ya fodya cha ku Namwera mukudziwa bwino.

Nde pempho loti malipiro a antchito atsitsidwe kapena utenanti ubwerere, ine ndikuti musataye nalo nthawi, simupambana ndipo mudzadana ndi anthu amene mumapemphera nawo mzikiti umodzi kapena tchalitchi chimodzi. Vuto lenileni la mlimi wolemba antchito ndi lakuti ndalama amaiona kamodzi pachaka pomwe wantchito amafunika kulipidwa mwezi ndi mwezi. Pemphani zinthu zothetsa vuto limenelo. Kampani imene mwachita nayo kontilakiti iziphatikiza ndalama ya antchito mu ngongole ya zipangizo. Mtengo woyambira wa mbewu uziwerengera malipiro atsopano a antchito osati akale. Ofesi ya zantchito ibwere ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) idzafotokoze lamulo mu Chichewa ndi Chiyao, ndipo ikuthandizeni kulemba kapepala ka mgwirizano kosavuta kosonyeza ntchito, malipiro ndi tsiku lolipira. Pa zimenezi mukhoza kuyendera limodzi ngakhale ndi a bungwe la antchito a mminda ya fodya la TOAWUM, ndipo kalata imene yasayinidwa ndi olemba ntchito pamodzi ndi antchito imalemera kuposa ya mbali imodzi. Koma yambani mwakonza kwanu, ngati mamembala anu akujombetsa ana kusukulu kuti akatole thonje, nkhani imeneyo idzatuluka tsiku lomwe simukufuna.

Mukagwirizana, lembani kalata. Tsamba limodzi, likachuluka awiri. Pamwamba dzina la gulu, dera, T/A, chiwerengero cha mamembala amuna ndi akazi. Kenako vuto mmizere itatu kapena inayi, umboni wa mu kope lija mwachidule, pempho lenileni, ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho. Mawu onyoza ayi, mawu oti mbava kapena akatangale ayi pokhapokha muli ndi umboni woti mukhoza kuima nawo pabwalo. Lembani mu Chichewa, ndipo ngati ikupita ku Lilongwe pezani mphunzitsi wa pafupi akuthandizeni ina ya Chingerezi, ziwirizo zipite limodzi. Asayine wapampando ndi mlembi, kumbuyo mumate mndandanda wa mamembala ndi masiginecha kapena zidindo za chala. Chofunika kwambiri, pangani fotokope, ndipo pokapereka wolandirayo adinde ndi kulemba deti pa kope lanulo. Kalata yopanda chidindo cholandirira imasowa, ndipo simungamuloze munthu chala.

Pokapereka yambirani pansi, osadumpha. Unduna wa Zamalimidwe uli ndi makwerero ake omwe anthu ambiri sawagwiritsa ntchito, komiti ya zaulimi ya mmudzi, kenako Area Stakeholder Panel pa dera la T/A, kenako District Stakeholder Panel pa boma, komwe alimi amayenera kukhala ambiri ndithu. Funsani alangizi a ku EPA yanu, kaya ndi Nasenga, Mbwadzulu, Lungwena, Nankumba kapena Katuli, kuti amene amakuyimirani mmenemo ndani ndipo amakumana liti. Mwina mudzapeza kuti komitiyo inagona kalekale, idzutseni, kapena lowanimo inuyo. Mbali inayi pali komiti ya chitukuko ya mmudzi (VDC) ndi ADC, khansala wanu, mpaka khonsolo yonse yomwe ili ndi komiti yoona zaulimi. Amfumu musawadutse, a gulupu ndi a T/A akamva nkhani yanu koyamba pawailesi amakhumudwa ndipo ali ndi chifukwa, komanso mfumu ikanena kuti mdera langa wogula wopanda layisensi asapachike sikelo, zimachitika msanga kuposa kalata ya ku likulu. Zinthu zambiri za masikelo, malo ogulira ndi malayisensi zimathera pa boma pompano osafuna Lilongwe.

Zimene zili za dziko lonse, monga chiletso, msonkho kapena mgwirizano ndi dziko lina, kalabu imodzi ya ku Malombe singazisunthe yokha. Apa mpofunika mabungwe akuluakulu amene amakhala nawo pa tebulo, Farmers Union of Malawi, NASFAM yomwe yakhalapo kuyambira 1997, CISANET, ndi TAMA Farmers Trust kwa a fodya. Iwowa amakhala ndi mwayi wolowa mmaofesi koma nthawi zambiri amasowa umboni watsopano wa kumudzi, inu muli ndi umboni koma mulibe khomo, nde apatseni fotokope ya kope lanu, osati kope lenilenilo. Ndipo ngati mumalipira umembala, afunseni kuti nkhani yathu munakaitula kuti ndipo anayankha chani, ndi ufulu wanu umenewo.

Phungu wanu mugwiritseni ntchito yake yeniyeni. Tinazolowera kupita kwa olemekezeka kukapempha bokosi la maliro ndi mpira wa achinyamata, nde akaona gulu la alimi amayamba kupisa mthumba. Auzeni kuti sitinabwerere ndalama, tabwera kuti mukafunse funso ili kwa nduna mu Nyumba ya Malamulo, ndipo mukapereke kalata iyi ku komiti ya aphungu yoona zaulimi. Funsolo mulembereni nokha pa pepala. Ngati magulu a madera a aphungu angapo a Mangochi apereka funso lofanana sabata imodzi, zimamveka mosiyana.

Nthawi nayo ndi nkhani. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndipo nduna ya zachuma imamva maganizo a anthu pa bajeti kumayambiriro kwa chaka isanakaipereke ku nyumba ya malamulo, nde chilichonse chofuna ndalama, kaya ndalama za ADMARC kaya msonkho wa zipangizo, chikhale chitafika kwa mabungwe aja ndi phungu isanathe Disembala. Mitengo yoyambira imalengezedwa nthawi yokolola ikamayandikira, cha mu Malichi kapena Epulo, mawerengero anu a pa ekala afike Januwale kapena Febuluwale. Za masikelo ndi malayisensi kambani msika usanatsegulidwe. Kudandaula mu Ogasiti nandolo ali kale mu thiraki ndi kungodzitonthoza. Vuto lake miyezi yoyenera kuyenda ndi yomwe tili otanganidwa kumunda komanso mthumba muli mbee, nde sonkhani ndalama ya maulendo nthawi yokolola, ngakhale mbale imodzi ya mbewu pa membala, msungichuma asunge ndipo azilemba.

Tsiku lokumana ndi akuluakulu musapite chigulu. Anthu anayi kapena asanu akwana, pakhale mayi, wachinyamata, ndi mmodzi wodziwa masamu a mu kope. Gawanani zonena musanalowe, wina moni ndi kudziwitsa gulu, wina vuto, wina pempho, wina azingolemba zonse zimene zikuyankhidwa. Amene amamasuka mu Chiyao alankhule Chiyao wina amasulire, osamusiya munthu wodziwa nkhani chifukwa cha chilankhulo. Ulemu wonse perekani, bwana DC, amayi, abambo, zikomo potilandira, koma ulemu usakuiwalitseni funso lomaliza, nde tibwere liti kudzamva yankho, ndipo tionane ndi ndani. Akakupatsani fanta ndi alawansi landirani ngati ilipo, koma mukabwerera kauzeni gulu zonse kuphatikizapo alawansiyo, magulu ambiri amasweka chifukwa cha kaenvelopu kamodzi komwe wapampando sanakatchule. Ndipo chenjerani ndi zoti mtsogoleri wanu aitanidwe yekha kumbali, ikani lamulo loti palibe amene akumane ndi wogula wamkulu kapena bwana ali yekha.

Tsiku lolonjezedwa likadutsa kuli zii, lembani kalata yachikumbutso mutchule deti la chidindo chija, ndipo mutumize kope kwa wamkulu wa amene munamupatsa poyamba. Pali lamulo la Access to Information limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakupatsani mphamvu yopempha ofesi ya boma zikalata, mwachitsanzo mndandanda wa ogula mbewu amene ali ndi malayisensi mu boma lino, ndipo ofesi imayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ikakana pali a Malawi Human Rights Commission amene amayang'anira lamuloli. Mndandanda umenewo mukaupeza umateni pa bolodi ya ku EPA ndi pa msika, aliyense azidziwonera yekha kuti wogula uyu alipo kapena ayi.

Wailesi ibwere pambuyo pa makalata, osati poyamba. Tili ndi mawailesi pafupi, Dzimwe, Radio Maria ndi ena, ndipo atolankhani amakonda nkhani yokhala ndi manambala ndi kalata yodindidwa chifukwa akhoza kukafunsa mbali inayo. Wolankhula akhale mmodzi amene gulu lasankha, anene zimene zili mu kope basi, asatchule munthu dzina kuti ndi wakuba. Pa magulupu a WhatsApp ndi Facebook chimodzimodzi, voisi noti imodzi yaukali ikhoza kugwetsa ntchito ya chaka chonse.

Zionetsero ndi ufulu wanu koma zikhale zomalizira, ndipo zili ndi ndondomeko yake mu lamulo la apolisi la 2010, mumadziwitsa bwana DC molemba kusanatsale maola 48 kuti zionetserozo zichitike, kope kupolisi, mumatchula njira yodutsa ndi amene akutsogolera. Muzikhala ndi anthu anu osungitsa bata chifukwa pa tauni sipalephera anyamata olowerera amene akufuna za mmashopu, galasi limodzi likasweka nkhani ya mawa idzakhala galasilo osati nandolo wanu. Kwa alimi pali njira ina imene ogula amaiopa kuposa chikwangwani, kusonkhanitsa mbewu pamodzi mu nyumba imodzi nkukana kugulitsa payekhapayekha mpaka wogula abwere pa mtengo woyambira. Imagwira pokhapokha ngati gulu lili ndi kandalama kobwereka membala amene wapanikizika ndi matenda kapena fizi, apo ayi adzagulitsa usiku ndipo simungamudzudzule. Nde musanalengeze zoti sitigulitsa, werengani kaye kuti mu bokosi la banki mkhonde muli zingati, ndi mamembala angati amene angapirire milungu itatu, ndipo funsani a msika wa mbewu wa ACE (Agricultural Commodity Exchange for Africa) ngati pali nyumba yosungiramo katundu yapafupi imene ingakupatseni lisiti yoti mukatengere ngongole mbewu ili chisungire.